Chivindikiro Chofiira

Aulis adabwera Lachiwiri, Tampere yense ali mbee ndi chipale,
atapinda katoni kukhwapa ngati kalata yakuchipatala.
Adaiyala patebulo langa la masipanala.
Madontho atatu, bii.
Awiri ouma, limodzi likadali ndi diso.
"Hilkka," adatero, "yayambanso."

Galimoto yake ndi ya mipando iwiri,
yofupika msinkhu, mimba yake pafupi kukhudza msewu.
Miyezi isanu imagona itafunda nsalu
kudikira kuti msewu wa ku Ylöjärvi uume.
Nditakweza boneti, fungo lidayankha ndisanafunse:
oyilo wopserera pa paipi ya utsi,
fungo lija limakakamira m'tsitsi mpaka kusauna.

Chivindikiro cha mavalavu chakufakitale ndinkachidziwa,
cha pulasitiki wakuda, chopanda ulemerero.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi chikupsa, chikuzizira, chikupsanso,
chidapindika pang'ono ngati thabwa loiwalidwa panja.
Iye adachitaya. Adaitanitsa ichi,
cha aluminiyamu, chofiira psuu,
m'bokosi lojambulidwa mbendera yampikisano,
ndipo adachimanga yekha usiku wina wa Julayi
dzuwa likukana kulowa.

"Chatsopano chonchi chingachuche bwanji?"

Bawuti loyamba lidandikanira.
Lachiwiri lidalira ngati chitseko chakale.
Lachisanu ndi chiwiri lidatuluka mano ali fwaa, atatheratu.
Gasiketi nayo idafinyika mpaka kutulutsa lilime pambali,
oyilo atadzaza m'zitsime za mapulagi
moti ndidaona nkhope yanga kanayi, yaing'ono, yakuda.

"Ndidamanga mpaka dzanja kuchita dzanzi," adatero,
"kuti pasadutse kanthu."

Bambo anga malemu, amene adandisiyira galaja ino
pamodzi ndi ngongole zake,
ankati labala samva ukali.
Umuyale pamalo oyera, osamukoka,
kadontho ka guluu m'makona mokha,
mabawuti uyambire pakati kunka kunja,
uku limodzi, uko limodzi, ngati ukugawa makhadi,
ndipo sipanala ikangoti kete,
chotsa dzanja.
Mtima uzikuuza kuti wonjeza pang'ono. Usaumvere.

Ndidaika chivindikiro pagalasi lathyathyathya kuchiyesa.
Sichidapindike. Chitsulo chidalibe mlandu.
Ndidapala zotsalira ndi kampeni kapulasitiki,
ndidapukuta, ndidapukutanso,
pamene Aulis ankatenthetsa zala pa kapu ya khofi
nayang'ana foni yake kachinayi.

Sindidafunse. Adanena yekha.
Sohvi, mwana wake mmodzi yekhayo,
ndiye ankagwira tochi pamene injini iyi inkatsegulidwa koyamba,
ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atakwera pa kreti.
Galimotoyi ndi yake, mapepala adalembedwa kale.
Koma ali ku Oulu tsopano, chaka chachiwiri,
ndipo foni imangolira.
"Ndinkamudikira pakhomo usiku uliwonse.
Ndinkangofuna kudziwa ali kuti, ali ndi yani.
Kodi n'kulakwa kumeneko?"

Ine ndine makaniko.
Ndidamupatsa sipanala yoyezera.
Adagwira bawuti lapakati, nazungulitsa pang'onopang'ono.
Kete.
Ndidaona mtsempha wa padzanja pake ukufuna kupitiriza,
ukunjenjemera pamenepo,
nthawi yaitali kuposa imene bawuti limafuna.
Kenako adasiya.
Adatsala khumi ndi atatu, ndipo lililonse lidamuvuta chimodzimodzi.

Tidaliza injini mpaka chipale chapadenga chidayamba kudontha,
tidayala katoni yatsopano pansi pake, tidazima magetsi.

M'mawa adandipeza ndisanavule magolovesi.
Adagwada, mawondo akulira, naisolola.
Yoyera.
Adaitembenuza kuti aone kuseri, ngati dontho lingabisale.
Adalipira, adatsala pang'ono kutuluka,
kenako adabwerera kudzatenga katoni yakale ija,
ya madontho atatu,
naipinda bwinobwino, naiika m'thumba la jekete
mmene munali foni.